James Hong, nkhope imene tinaizolowera osadziwa dzina lake

Amene anakulira m'mavidiyo sho, tizipinda tija ta mabenchi ndi chinsalu chakuda pakhomo, akudziwa kuti dzina lolembedwa ndi choko pabolodi panja limakhala limodzi basi: Chuck Norris, Van Damme, Schwarzenegger. Ena onse a mufilimumo tinkangowatchula ndi ntchito zawo. Uyu ndi mkulu wa zigawenga, uyo ndi dokotala, winayo ndi gogo wophunzitsa karate. Mu Missing in Action ya 1984 muli mkulu wa asilikali a ku Vietnam, wovala bwino, wolankhula mofatsa koma mwamwano, amene amakanitsitsa kuti m'dziko mwake mulibe akaidi a ku America, mpaka Chuck Norris anamulowera kuchipinda usiku. Tinamuda munthuyo, ndipo ntchito yake inali yomweyo, yoti timude. Koma sindikumbuka aliyense akufunsa kuti kodi bamboyu dzina lake ndani.

Dzina lake ndi James Hong. Si wa ku Vietnam. Ndi mbadwa ya America, anabadwira ku Minneapolis m'chigawo cha Minnesota pa 22 February 1929, ndipo wasewera mbali zoposa 600 m'mafilimu, m'masewero a pa TV ndi m'makatuni. Ana a masiku ano amamudziwa ndi mawu okha: ndiye Mr. Ping, tsekwe wogulitsa chakudya amene analera Po mu Kung Fu Panda.

Ku Hollywood munthu wotere amamutcha character actor. Tanthauzo lake ndi wosewera amene filimu siikhala yake, koma amabwera kudzavala khalidwe linalake looneka msanga: woweruza waukali, mwini sitolo wokonda ndalama, wantchito wokhulupirika, mfiti. Katswiri wamkulu amalipidwa kuti akhale yemweyo m'filimu iliyonse, chifukwa anthu amagula tikiti kuti akamuone iyeyo. Mnzakeyu amalipidwa kuti asinthe. Ndipo nthawi alibe. Katswiri ali ndi maola awiri oti timudziwe, pamene uyu mwina ali ndi mphindi zitatu, nthawi zina ziganizo zinayi zokha, ndipo m'kanthawi komweko tiyenera kukhulupirira kuti munthuyu anali ndi moyo wake tisanamuone komanso adzapitiriza kukhala nawo kamera ikachoka. Ine ndimaona kuti luso limeneli ndi lovuta kuposa la ekita wamkulu, ngakhale malipiro ake ndi aang'ono kwambiri.

Moyo wa Hong umathandiza kumvetsa ntchitoyi chifukwa iye anaigwira pamalo opapatiza kuposa anzake. Mzungu wosewera mbali zing'onozing'ono akhoza kukhala wapolisi lero, m'busa mawa, mlimi mkuja. Munthu wa nkhope ya Chitchaina m'zaka za m'ma 1950 ankamuitana pokhapokha nkhani ikafuna wochapa zovala, woperekera zakudya, wantchito wa m'nyumba kapena mdani wa kunkhondo.

Makolo ake anachokera ku Hong Kong. Pa nthawi imene ankabadwa, lamulo la 1882 loletsa antchito a ku China kulowa m'dziko la America linali likugwirabe ntchito, ndipo linathetsedwa mu 1943, iye ali ndi zaka 14. Ali wamng'ono anamutumiza ku Hong Kong komwe anayambira sukulu, n'kubwerera ku Minneapolis ali ndi zaka pafupifupi 10, Chingerezi chitamuthawa pakamwa. Atakula anasankha maphunziro amene kholo lililonse lingakondwere nawo, uinjiniya wa misewu ndi milatho, pa University of Minnesota. Nkhondo ya ku Korea inamudula panjira. Gulu lake la asilikali linatumizidwa ku Camp Rucker ku Alabama kukaphunzira za nkhondo, ndipo kumeneko madzulo ankasangalatsa anzake poyerekeza malankhulidwe a anthu otchuka. Mkulu wa kampuyo anamuuza kuti atsale azikonza zisangalalo za asilikali. Hong wakhala akunena kuti zimenezi mwina zinapulumutsa moyo wake, chifukwa ku Korea akanakhala pakati pa moto uwiri: adani akanamuwombera poona yunifolomu, anzake akanamuwombera poona nkhope.

Atatuluka usilikali anamalizira digiri yake ku University of Southern California, n'kuyamba ntchito ya uinjiniya wa misewu m'boma la Los Angeles County. Zosewera ankachita pa masiku a tchuthi. Mu 1954 anaonekera pa pulogalamu ya mafunso ya Groucho Marx yotchedwa You Bet Your Life, komwe anamuyerekeza Groucho mwini wake pamaso pake, anthu n'kufa nacho chiseko. Zitseko zinayamba kutsegukira pamenepo. Chaka chotsatira, 1955, anapezeka mu Soldier of Fortune pamodzi ndi Clark Gable, mu Blood Alley ya John Wayne, ndi mu Love Is a Many-Splendored Thing. Mu 1956, filimu ya ku Japan ya Godzilla itakonzedwanso kuti ionetsedwe ku America, Hong anali mmodzi mwa amene anaika mawu a Chingerezi pakamwa pa osewera a ku Japan. Posakhalitsa anasiya misewu n'kudzipereka kwathunthu ku mafilimu.

Apa m'pofunika kudziwa kuti analowa ntchitoyi pa nthawi yotani. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 makampani akuluakulu monga MGM, Warner Bros. ndi Paramount ankalemba osewera pa kontirakiti ya zaka zingapo. Wosewera mbali zing'onozing'ono ankalandira malipiro sabata ndi sabata ngati kalaliki, n'kumatumizidwa ku filimu iliyonse imene kampani ikujambula. Mu 1948 khoti lalikulu la America linagamula kuti makampaniwa asakhalenso eni nyumba zoonetseramo mafilimu, ndipo TV inali itayamba kulanda anthu oonera. Makontirakiti aja anayamba kutha. Pofika nthawi ya Hong, wosewera anali ngati waganyu: amapita kukayesedwa, akamutenga amagwira tsiku limodzi kapena sabata, akamaliza amabwerera kunyumba kukadikira foni. Womufunira ntchito, amene amamutcha ejenti, amadulapo 10 peresenti. Osewera ambiri ochokera ku Asia ankadutsira kwa mayi wina dzina lake Bessie Loo, amene ofesi yake inali ya anthu amenewa makamaka, ndipo Hong anali mmodzi wa iwo.

Chimene chinapha makontirakiti ndi chomwenso chinadyetsa anthu ngati Hong. Sewero la pa TV limafuna nkhope zatsopano sabata iliyonse: wokayikiridwa watsopano, mboni yatsopano, mlendo watsopano m'tauni. Ndiye munthu akhoza kukhala zaka makumi angapo akungoyenda kuchoka pa sewero ili kupita pa ilo. Mu Hawaii Five-O anabwera kangapo, ulendo uliwonse ngati munthu wina. Mu Kung Fu, sewero la 1972 mpaka 1975, zinali chimodzimodzi. Izi zili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Zikuonetsa kuti opanga masewero ankamudalira, ankadziwa kuti akamuitana afika atakonzeka ndipo sawataitsa tsiku. Zikuonetsanso kuti ankaganiza kuti oonera sangasiyanitse Mtchaina mmodzi ndi mnzake.

Palinso nkhani ya ndalama zimene wosewera amalandira filimu yake ikaonetsedwanso, zomwe kumeneko amati residuals. Kwa katswiri wamkulu ndi ndalama ya sopo, koma kwa waganyu ndiyo imamudyetsa miyezi imene foni siikulira. Bungwe la osewera la Screen Actors Guild, lomwe linayamba mu 1933, linanyanyala ntchito mu 1960, mtsogoleri wake ali Ronald Reagan, ndipo linapambana kuti mafilimu opangidwa kuyambira chaka chimenecho azilipira osewera akagulitsidwa ku TV. Mafilimu akale sanalowe nawo m'panganolo. M'malo mwake makampani anapereka ndalama yoyambira thumba la penshoni ndi la chipatala. Choncho mafilimu a Hong a 1955 aja akhala akuonetsedwa pa TV kwa zaka zambirimbiri iye osaonapo kanthu. Mkangano womwewu unabukanso mu 2023, pamene bungweli, lomwe tsopano ndi SAG-AFTRA ndipo lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, linanyanyala kwa masiku 118 kuyambira mu July. Nkhani inali yoti makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi TV yakale, komanso mantha oti makompyuta azikopera nkhope ndi mawu a munthu n'kumazigwiritsa ntchito mwini wake osalipidwa. Pa nthawi imeneyo zinamveka kwambiri kuti ambiri mwa mamembalawo sapeza n'komwe ndalama yopitirira pang'ono $26,000 pachaka imene inkafunika kuti munthu alowe pa inshulansi ya chipatala ya bungwelo. Tikamaona akatswiri pa kapeti yofiira tisamaganize kuti Hollywood ndi imeneyo. Unyinji wake ndi anthu odikira foni.

Tsopano ku chinthu chimene chinamupweteka kwambiri Hong. Mbali zikuluzikulu za anthu a ku Asia zinalipo, koma ankapatsa azungu. Ankawamata zikope ndi tepi kuti maso aoneke aang'ono, kuwapaka nkhope, n'kuwauza kuti azilankhula Chingerezi chothyokathyoka. Mchitidwewu amautcha yellowface. Mu 1937 MGM inatulutsa The Good Earth, nkhani ya alimi a ku China. Mwamuna anali Paul Muni, mkazi Luise Rainer wobadwira ku Germany. Anna May Wong, katswiri weniweni wa Chitchaina wobadwira ku Los Angeles, anaifuna mbali ya mkaziyo koma sanampatse. Malamulo amene makampani a mafilimu ankatsatira nthawi imeneyo ankapewa kuonetsa chikondi pakati pa anthu osiyana khungu, ndiye mwamuna akakhala mzungu, mkazinso ankayenera kukhala mzungu, ngakhale onse akuyerekeza Atchaina. Rainer analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha mbali imeneyo. Ndipo sizinathere pomwepo. Katharine Hepburn anakhala Mtchaina mu Dragon Seed ya 1944, John Wayne anakhala Genghis Khan mu 1956, Mickey Rooney anavala mano otuluka kunja n'kukhala Mjapani mu Breakfast at Tiffany's ya 1961. Ngakhale mu Kung Fu muja, mmonke wa ku Shaolin anali David Carradine, pamene Bruce Lee, amene ankaifuna mbaliyo, anamusiya.

Hong anazilawa yekha. Mu 1957 anapeza ntchito imene inkaoneka ngati mwayi wa moyo wonse, kukhala mwana woyamba wa wapolisi wofufuza milandu mu The New Adventures of Charlie Chan, sewero lomwe mbali yaikulu linajambulidwa ku England. Charlie Chan ndi Mtchaina, koma ankamusewera J. Carrol Naish, mzungu wa makolo a ku Ireland. Monga Hong wakhala akufotokozera, tsiku lina analakwitsa mzere umodzi, ndipo Naish anamukalipira mwachipongwe n'kuchititsa kuti achotsedwe ntchito. Tangoganizirani, mnyamata amene wasiya ntchito yaboma yokhazikika, ali kutsidya kwa nyanja, akuchotsedwa pa sewero la banja la Chitchaina ndi munthu womata zikope. Ananena kuti bala limenelo linatenga zaka kuti lipole.

Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene ndimamulemekezera kwambiri. Mu 1965 iye, Mako, Soon-Tek Oh, Beulah Quo ndi anzawo ochepa anayambitsa gulu la zisudzo la East West Players ku Los Angeles. Maganizo awo anali osavuta. Makampani ankati anthu a ku Asia sangathe mbali zikuluzikulu, koma munthu angaphunzire bwanji kunyamula sewero lonse ngati moyo wake wonse amangopatsidwa mizere iwiri yoti alandire alendo pakhomo? Ndiye anadzipangira okha bwalo. Anayamba ndi Rashomon, sewero la nkhani ya ku Japan, akusewerera m'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Pamenepo wochapa zovala wa m'mafilimu uja ankatha kukhala mfumu, wakuba, mwamuna wansanje, munthu wathunthu. Mako anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar chifukwa cha The Sand Pebbles ya 1966, filimu imene Hong analimonso. Gululi lilipo mpaka pano, kuyambira 1998 lili ku Little Tokyo m'nyumba ya zisudzo yotchedwa David Henry Hwang Theater, ndipo pabwalo lake padutsa anthu ngati George Takei, John Cho ndi Daniel Dae Kim. Dzina lomalizali tikumana nalonso.

Funso lovuta limene anthu amafunsa ndi lakuti, ngati mbali zimenezi zinali zonyoza, bwanji ankazivomera? Yankho lina ndi lendi ndi chakudya. Koma palinso lina limene limaoneka munthu ukayang'anitsitsa ntchito yake. Hong ankatenga mbali yolembedwa mosasamala n'kuikamo munthu.

Onani Blade Runner ya 1982, ya Ridley Scott. Hong ali ndi chigawo chimodzi chokha. Ndi Hannibal Chew, nkhalamba yopanga maso a anthu opangidwa m'fakitale. Akugwira ntchito yekha m'chipinda chozizira ngati firiji, atavala chijasi chaubweya chokhala ndi mapaipi omutenthetsa, akulankhula yekha m'Chitchaina uku akusuzumira diso pa makina. Akulowa Roy Batty, amene ndi Rutger Hauer, ndi mnzake Leon, onse awiri anthu opangidwa m'fakitale. Akumudula mapaipi aja, kumuvula chijasi. Nkhalamba ikunjenjemera, nthunzi ikutuluka mkamwa, Leon akuiika maso ozizira paphewa. Mantha ali pankhope, koma itayang'ana m'maso mwa Roy n'kuzindikira kuti maso amenewo inapanga ndi iyo, mukuona kanthu kena kakudutsa, kunyadira kwa mmisiri woona ntchito ya manja ake ikuyenda. Wakuphayo ali patsogolo pake, koma iyo ikulephera kubisa kuti ntchitoyo inaigwira bwino. Zonsezi ndi mphindi zochepa chabe, ndipo amene anaonera filimuyo saiwala chipinda chimenecho.

Mu Chinatown ya 1974, ya Roman Polanski, ndi Kahn, wantchito wa m'nyumba ya Evelyn Mulwray. Papepala ndi mbali yakale ija, kutsegula chitseko ndi kulandira chipewa. Koma mmene amamuyang'anira Jack Nicholson pakhomo mukudziwiratu kuti munthuyu akudziwa chinsinsi chonse cha nyumbayo ndipo sachiulula. Zinthu zitavuta, mwana wamkazi wa Evelyn akukabisidwa kwa iyeyo. Anabwereranso ngati Kahn yemweyo mu The Two Jakes ya 1990.

Mbali imene inamutchukitsa kwambiri ndi David Lo Pan mu Big Trouble in Little China ya 1986, ya John Carpenter. Lo Pan ndi mfiti ya zaka zikwi ziwiri, yotembereredwa, imene ikufuna kukwatira mkazi wa maso obiriwira kuti ibwererenso m'thupi la munthu. Hong amasewera anthu awiri mwa mmodzi: nkhalamba yofota ya pa njinga ya olumala, yaukali ndi yosachedwa kupsa mtima, komanso chimzukwa chachitali chovala zachifumu, nkhope yoyera mbee, zikhadabo zitalizitali. Mfiti ya Chitchaina yolanda akazi ndi chithunzi chakale chonyoza, ndipo magulu ena a anthu a ku Asia ku America anadandaula nayo filimuyi isanatuluke n'komwe. Ine ndikuona kuti dandaulo lawo linali ndi maziko. Komabe filimuyo imaseka kwambiri mzungu wake, Kurt Russell, amene amadziona ngati ngwazi pamene ntchito yeniyeni akugwira ndi mnzake Wang Chi. Ndipo Hong anampatsa Lo Pan chinthu chimene mfiti za m'mafilimu akale zinalibe, kusungulumwa. Akamaseka kachiseko kake kaja poona mkwatibwi, mukumva chimwemwe cha munthu amene wadikira nthawi yaitali mopitirira muyeso. Filimuyi inalephera m'nyumba zoonetsera, koma itatuluka pa matepi a vidiyo inapeza anthu ake, ndipo mpaka lero Hong akapita kumisonkhano ya okonda mafilimu ambiri amafuna asayine pa chithunzi cha Lo Pan.

Zaka zimenezo ankangopezeka paliponse. Airplane! mu 1980, The Golden Child ndi Eddie Murphy mu 1986, Tango & Cash ndi Stallone mu 1989, Wayne's World 2 mu 1993, mawu a Chi-Fu mu Mulan ya Disney mu 1998.

Ku America ambiri amamukumbukira ndi gawo limodzi la sewero lanthabwala la Seinfeld la 1991. Anthu atatu alowa mu lesitilanti ya Chitchaina, akufuna tebulo. Gawo lonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, angoima podikirira. Palibe china chochitika. Akuluakulu a kampani ya TV ya NBC sanalikonde poyamba, ankati mulibe nkhani. Chimene chimaligwira ndi Hong, wolandira alendo, amene nthawi iliyonse akamufunsa amayankha mokoma mtima kuti kwatsala mphindi zisanu kapena khumi, uku akulowetsa anthu amene abwera pambuyo. Sakwiya, sapepesa, sasintha nkhope. Aliyense amene anaimapo pamzere pa ofesi n'kumauzidwa kuti dikirani pang'ono akumudziwa munthu ameneyu. Chinsinsi cha nthabwalayo n'chakuti Hong sasewera ngati akuchita nthabwala. Amasewera munthu amene akukhulupirira ndi mtima wonse kuti dongosolo lake lili bwinobwino.

Atafika zaka 79, msinkhu umene anzake ambiri anali atapuma kapena kumwalira, anapeza mbali imene yakhala naye nthawi yaitali kuposa zonse. Mr. Ping mu Kung Fu Panda ya 2008 ndi kholo limene limaopa kuti mwana wake alisiya. Limafuna Po alowe m'malo mwake pa bizinesi, limamunyadira koma silidziwa kunena, ndiye chikondi chonse limachiika m'chakudya. M'filimu yachiwiri ya 2011, pamene likufotokozera Po mmene linamupezera ali khanda m'bokosi la ndiwo zamasamba kuseri kwa lesitilanti, mawu a Hong amanjenjemera pang'ono pokha, osapitirira. Anabwereranso mu 2016 ndi mu 2024.

Pamene iye ankakalamba, dziko lomuzungulira linkasintha. Lamulo la 1965 la anthu olowa m'dziko la America linatsegulira khomo anthu ambiri ochokera ku Asia, ndipo ana awo atakula anakhala olemba, otsogolera mafilimu ndi ogula matikiti. Komabe zinayenda pang'onopang'ono kwambiri. Kuchokera pa The Joy Luck Club ya 1993 panadutsa zaka 25 kuti kampani yaikulu ya ku Hollywood itulutsenso filimu ya moyo wa masiku ano yodzaza ndi osewera a ku Asia, Crazy Rich Asians ya 2018. Ke Huy Quan, amene ali mwana anasewera ndi Harrison Ford mu Indiana Jones, anasiya kusewera kwa zaka pafupifupi 20 chifukwa chosowa mbali, n'kumagwira ntchito kuseri kwa kamera. Nkhani ya Quan imandithandiza kuona kukula kwa chimene Hong anachita. Njira imene inagonjetsa mnyamata waluso chotero, iye anaiyenda zaka pafupifupi 70 osaima.

Awiriwa anakumana mu Everything Everywhere All at Once ya 2022, ya Daniel Kwan ndi Daniel Scheinert. Hong ndi Gong Gong, bambo wa Evelyn, amene ndi Michelle Yeoh. Gogoyu anakana mwana wake pamene ankakwatiwa ndi mwamuna amene iye sanamufune n'kupita ku America, ndipo tsopano wakalamba, ali pa njinga ya olumala, akusungidwa ndi mwana yemweyo pamwamba pa malo ochapira zovala. M'dziko lina la m'nkhaniyo gogo yemweyo ndi mkulu wa asilikali wolamula kuti mdzukulu wake aphedwe. Chochititsa chidwi n'chakuti malo ochapira zovala, omwe kwa zaka zambiri anali chizindikiro cha mbali zonyoza zija, apa ndiwo pakati pa nkhani, ndipo eni ake ndiwo eni filimu.

Chaka chomwecho anapatsidwa nyenyezi pa msewu wa Hollywood Walk of Fame. Nyenyezi zimenezi sizibwera zokha. Wina amayenera kupereka dzina lako ndi kulipira ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri amalipira ndi makampani pofuna kutsatsa filimu ya katswiri wawo. Wosewera mbali zing'onozing'ono alibe kampani yomulipirira. Daniel Dae Kim, amene anadutsa pa bwalo la East West Players lija, ndiye anayambitsa msonkhamsonkha pa intaneti mu 2020, ndipo m'masiku ochepa anthu wamba anasonkha ndalama zoposa $50,000. Nyenyeziyo inavundukulidwa pa 10 May 2022. Hong anali ndi zaka 93, wamkulu kuposa aliyense amene anailandirapo kufika nthawi imeneyo, ndipo anavina pamsewu pomwepo pamodzi ndi ovina gule wa mkango wa Chitchaina.

Pa 26 February 2023, patangopita masiku anayi atakwanitsa zaka 94, osewera a Everything Everywhere All at Once analandira mphoto ya bungwe la SAG lija ya gulu losewera bwino koposa. Iyi ndi mphoto imene amavota ndi osewera anzawo, odikira foni aja. Michelle Yeoh ndi anzake anamusiyira maikolofoni gogoyo. Anayamba kulankhula m'Chikantoni, chinenero cha makolo ake. Kenako anakumbutsa anthuwo kuti filimu yake yoyamba anasewera ndi Clark Gable, n'kutchula The Good Earth. Anakweza zala n'kukoka ngodya za maso ake kuonetsa mmene azungu ankawamatira, ndipo anafotokoza kuti opanga mafilimu ankati anthu a ku Asia sakwanira ndipo sangabweretse ndalama. Atatero anawauza kuti awaone tsopano. Holo yonse inaimirira. Patapita masabata awiri filimuyo inatenga ma Oscar asanu ndi awiri, kuphatikizapo ya filimu yabwino koposa. Quan analandira yake, ndipo Yeoh anakhala mkazi woyamba wa ku Asia kulandira mphoto ya wosewera wamkulu wamkazi, mphoto yomwe ija Luise Rainer anatenga atavala nkhope ya mlimi wa ku China.

Hong mwini sanaikidwe pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, chaka chimenecho kapena china chilichonse m'mbuyomo. Mbali za mphindi zitatu sizifika kumeneko. Usiku umenewo anakhala m'holo ngati mmodzi wa gulu, atavala tayi yagulugufe yomatidwa timaso tapulasitiki ngati tija ta m'filimumo.

Pa 22 February 2024, tsiku limene anakwanitsa zaka 95, anamuitana ku TCL Chinese Theatre, nyumba yoonetsera mafilimu yomangidwa mu 1927 motengera kamangidwe ka ku China, imene pabwalo pake pali zidindo za manja ndi mapazi a Clark Gable ndi John Wayne. Anadinda manja ake mu simenti yaiwisi, kenako mapazi, n'kulemba dzina lake. Patangopita masabata awiri Kung Fu Panda 4 inatuluka, Mr. Ping ali momwemo, akuyenda ulendo wautali kukafunafuna mwana wake.